Keen, eager kapena anxious: liwu liti lonenera kuti "ndikufunitsitsa" m'kalata yofunsira ntchito?

Kalata iliyonse yofunsira ntchito imafika pamalo pamene wolemba ayenera kunena kuti ntchitoyo akuifunadi. M'Chichewa zimenezi sizivuta. Timangoti ndikufunitsitsa, ndili ndi khumbo, kapena ndili ndi chidwi, nkhani yatha. Chovuta n'chakuti makalatawa amapita m'Chingerezi, kaya mukulembera ku Mzuzu Central Hospital, ku Northern Region Water Board, ku Mzuzu Coffee kapena kubungwe lomwe mwaona litalengeza ntchito mu The Nation kapena The Daily Times. Apa wolemba amapeza mawu angapo atandandalika, onse ooneka ngati ana a mayi mmodzi: keen, eager, enthusiastic, anxious, willing. Ambiri amangotola lomwe labwera msanga m'mutu. Ena amatola lalitali kwambiri, poganiza kuti kutalika kwa liwu ndiwo umboni wa sukulu. Koma mawuwa sanena chinthu chimodzi, ndipo limodzi mwa iwo lingachititse wowerenga kuganiza kuti muli ndi mantha pamene inu mumafuna kunena kuti muli ndi khumbo.

Ndinene poyambirira pomwe kuti pa kalata yopita kwa olemba ntchito a kuno kwathu, ine ndimakonda keen. Si kuti enawo ndi olakwika ayi. Lililonse lili ndi malo ake, ndipo pali malo ena pamene keen salowa n'komwe.

Keen: lalifupi koma lonyamula zambiri

Liwuli ndi mfotokozi, ndipo ndi limodzi mwa mawu akalekale m'Chingerezi. M'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo linkalembedwa cene, n'kumatanthauza munthu wolimba mtima. Ajeremani akadali ndi mbale wake, kühn, yemwe mpaka lero amatanthauza zomwezo. M'kupita kwa nthawi Angerezi anayamba kuligwiritsa ntchito ponena za chinthu chakuthwa, monga mpeni kapena lupanga, ndipo tanthauzo la kuthwalo silinafe. Mukawerenga kuti munthu ali ndi "keen eyesight" ndiye kuti maso ake ndi akuthwa, amaona patali. "A keen mind" ndi munthu wa nzeru zogwira msanga. Mphepo yobaya ija imaomba kuno ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi, mpaka kulowa m'mafupa ngakhale mutavala juzi, Mngerezi angaitchule "a keen wind". Pamalonda, makamaka ku Britain, "keen prices" si mitengo yokwera ayi, koma yotsika, yotsitsidwa dala pofuna kulanda makasitomala a anzako, monga zimakhalira pa Taifa Market ogulitsa nsalu akachulukana.

Mukadziwa zimenezi, tanthauzo la kufunitsitsa limamveka bwino. Munthu amene ali keen ndi amene chidwi chake chanoledwa, chalunjika pa chinthu chimodzi, ndipo sichinayambe lero. N'chifukwa chake timati "a keen gardener" ponena za bambo amene m'mawa uliwonse mumawapeza kudimba, kapena "a keen supporter of Moyale Barracks" ponena za uja salephera kupezeka pa Mzuzu Stadium, timu ipambane kapena igonje. Mulibemo phokoso m'liwuli, mulibemonso kupempha. Ndicho chimene ndimalikondera. Wolemba ntchito akaliwerenga amaona munthu wofatsa amene akudziwa chimene akufuna.

Pomwe anthu amapunthwa ndi pa kaliwu kotsatira. Njira zodalirika ndi ziwiri. Ngati mukunena chimene mukufuna kuchita, ikani "to" kenako mneni: "I am keen to join your laboratory team." Ngati mukunena chinthu chimene mumachikonda, ikani "on" kenako dzina kapena mneni wothera ndi -ing: "She is keen on netball", "He is keen on farming". Ilipo yachitatu, yofunira wina kuti achite kanthu, monga "My parents are keen for me to study nursing", koma m'kalata ya ntchito simudzaifuna kawirikawiri.

Zimene ndimaona mobwerezabwereza m'makalata a achinyamata ndi "keen in" ndi "keen of". Zonse ziwiri n'zolakwika, koma sizichokera ku umbuli. Yoyambayo imabadwa kuchokera ku chiganizo cholondola ndithu, "I have a keen interest in agriculture". M'chiganizo chimenechi "in" uja ndi wa interest, si wa keen ayi. Wolemba akachotsa interest n'kusiya "in" ali pomwepo, chiganizo chimapunduka. Yachiwiriyo ndikuganiza kuti imatengera "fond of", yomwe tanthauzo lake lili pafupi. Choncho ngati mwazolowera "in", musalimbane nayo: bwezerani interest pamalo pake, zikhala bwino.

Pali msampha wina woseketsa, koma wochititsa manyazi ukakugwirani. Mukaika dzina la munthu pambuyo pa "keen on", Mngerezi wa ku Britain amamva kuti munthuyo mwamugwera m'chikondi. "He is keen on the new accountant" sakunena kuti bwana akukhutira ndi ntchito ya wowerengera ndalama watsopano. Akunena kuti mtima wa bwana wapita kumeneko. Ndiye ngati mukulemba lipoti loyamikira mnzanu wa kuntchito, kapena mukuuza mkulu wa bungwe kuti mukufunitsitsa kugwira naye ntchito, nenani ntchitoyo: "I am keen to work with you." Musafupikitse n'kuti "I am keen on you", mungayambitse nkhani yomwe simunaikonzekere.

Kukana kwake nakonso n'kofunika kukudziwa, makamaka kwa amene amagwira ntchito ndi azungu a ku Britain m'mabungwe. Mukapereka ganizo pamsonkhano, wina n'kuyankha kuti "I'm not very keen on that", musaganize kuti akungokayika pang'ono ndipo mawa avomera. Kumeneko ndi kukana kwaulemu, kofanana ndi mmene akuluakulu kwathu amanenera kuti "tiona" pamene atseka kale khomo.

Chofooka cha keen n'chimodzi. Ndi liwu la ku Britain kwambiri, komanso la mayiko monga Australia ndi South Africa. Anthu a ku America amalidziwa, ndipo "keen interest" kapena "keen eye" amalemba ndithu, koma "keen to" ndi "keen on" sizituluka kawirikawiri m'kamwa mwawo. Kuno Chingerezi cha m'sukulu zathu, cha m'boma ndi cha m'nyuzipepala chimatsata cha ku Britain, choncho pa makalata ambiri palibe chodetsa nkhawa.

Eager: mtima uli dyokodyoko

Chodabwitsa n'chakuti eager nayenso anayamba ngati liwu la kuthwa, koma anadzera njira ina. Analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa m'zaka zotsatira 1066, pamene a Norman analanda England n'kubweretsa mawu ambirimbiri a chinenero chawo. Gwero lake ndi aigre, kutanthauza chowawasa, ndipo limeneli linachokera ku Chilatini acer, chakuthwa. Viniga amene amathira pa tchipisi pa chiwaya ndi mbale wake weniweni, chifukwa dzina lake linachokera ku vin aigre, vinyo wowawasa.

Kusiyana kwa awiriwa kuli pa nthawi. Keen amanena za khalidwe la munthu, eager amanena za mmene mtima wake ulili panopa, pamene akudikira chinthu chomwe sichinafike. Mwana amene waima pamsewu ku Chibavi kudikira mayi ake kuti atsike kabaza ndi jumbo ya kumsika ali eager. Ophunzira a Fomu 4 amene amva mphekesera kuti MANEB itulutsa zotsatira sabata ino ali eager, ngakhale ena mwa iwo ali ndi liwu lina lomwe tilipeze kutsogoloku. Muli kusaleza mtima pang'ono m'liwuli, muli ubwana pang'ono, ndipo kwa wowerenga wokayikira lingamveke ngati moto wa mapesi, wolilima msanga n'kuzima nsima isanapse.

Yesani kuika awiriwa patsogolo pa dzina limodzi, muona. "A keen footballer" ndi munthu wokonda mpira, amene wakhala akusewera kwa zaka. "An eager footballer" ndi amene ali pabenchi, akungodzukadzuka, akufuna kochi amulowetse.

Kodi ndiye kuti eager asalowe m'kalata? Alowe, koma pamalo oyenera. Kwa amene wangomaliza kumene ku Mzuni, ku Mzuzu Technical College kapena ku University of Livingstonia, ndipo akufunsira malo ophunzirirapo ntchito, "I am eager to learn" ndi chiganizo choona ndi chomveka bwino. Wachinyamata saopa kuoneka wa changu, ndiye chuma chake chimenecho. Koma mayi amene agwira ntchito ya unamwino zaka zambiri ndipo akufunsira udindo woyang'anira anzawo, akalemba chiganizo chomwecho amadzichepetsa pachabe. Iwo alembe keen, atchulenso chimene akufuna kukachita pa udindowo. Malo ena amene eager amaposa keen ndi pamene kalata ikupita kwa anthu a ku America, kaya ndi sukulu ya kumeneko kapena bungwe lawo, chifukwa kwa iwo ndilo liwu la tsiku ndi tsiku.

Timawu tomutsatira ndi "to" patsogolo pa mneni, ndi "for" patsogolo pa dzina: "eager to start", "eager for news". Kulibe "eager on". Kulibenso "eager of" m'Chingerezi cha lero. Ndipo chenjerani ndi "eager to please". Ambiri amalemba poganiza kuti akunena kuti ndi omvera, koma wowerenga angaone munthu wongovomera chilichonse kuti akondedwe, uja timati wa "inde bwana". Pa ntchito yosunga ndalama kapena katundu, ameneyo ndiye munthu amene safunidwa.

Mdzukulu wanga wina, mwana wa mlongo wanga, anandifunsapo kuti, "Amalume, nanga ndikalemba onse awiri, keen and eager, si ndiye kuti ndatsindika?" Ndinamuyankha kuti watsindikadi, koma chimene watsindika n'chakuti alibe china chonena. Mawu awiri a tanthauzo loyandikana akakhala phewa ndi phewa amadyana mphamvu.

Anxious: lolondola, koma ndimaletsa

Apa ndiye pofunika kusamala. Mukatsegula mtanthauziramawu mupeza kuti "anxious to" amatanthauzadi kufunitsitsa, ndipo olemba a ku Britain akhala akulemba choncho kwa zaka zambiri: "We are anxious to avoid delay." Palibe mphunzitsi wachilungamo amene angakuchongereni kuti mwalakwa. Koma liwuli linachokera ku Chilatini angere, kutsamwitsa kapena kufinya pakhosi, ndipo fungo la nkhawa silichoka. Munthu amene ali "anxious to" amafuna chinthucho chifukwa akuopa chimene chichitike chikalephereka. Mukasintha kaliwu kotsatira n'kuika "about", khumbo lonse limatha, imatsala nkhawa yokhayokha: "She is anxious about the results." Ophunzira a Fomu 4 aja, amene akudziwa kuti pepala la masamu linawavuta, ali apa.

Tsono taganizani kalata yofika pa desiki ya munthu amene ali ndi mulu wa makalata ena oti awerenge lisanathe tsiku. Maso ake akuthamanga. Akaona "I am anxious", kodi adikira kuti aone ngati kutsogoloko kuli "to" kapena "about"? Kwa ofunsira ntchito za chipatala nkhaniyi imakula, chifukwa kumeneko anxiety ndi dzina la vuto la m'maganizo lomwe anthu amalandira nalo thandizo, monga amachitira ku St John of God konkuno ku Mzuzu. Namwino kapena dokotala amene akuwerenga kalata yanu analizolowera liwuli m'tanthauzo limenelo. Onjezaninso kuti aphunzitsi ena, makamaka ku America, amakaniratu kuti anxious azitanthauza kufunitsitsa. Phindu lake n'lochepa, chiopsezo chake n'chachikulu. Lisungireni kalata yodandaula, monga yokumbutsa ofesi ina kuti malipiro anu achedwa ndipo mukufuna nkhaniyo ithe msanga. Pamenepo nkhawa ija ikugwirirani ntchito.

Enthusiastic, willing ndi ena otsalawo

Enthusiastic amakondedwa chifukwa ndi wamtali ndipo amamveka wa kuyunivesite. Anachokera ku Chigiriki, ku liwu lonena za munthu amene mulungu wamulowa, ndipo ku England m'zaka za m'ma 1700 kutchedwa enthusiast kunali kunyozedwa. Ankatero ponena za anthu otentheka pa chipembedzo, ndipo a Methodist oyambirira analandira nawo dzinali. Lero chitonzocho chinatha. Chatsala n'chakuti liwuli limanena za chidwi chooneka ndi maso: munthu akuyankhula mokweza, nkhope yawala, akukoka anzake. N'chifukwa chake limakoma kwambiri likachokera m'kamwa mwa wina. Mphunzitsi wamkulu akalemba m'kalata yokuchitirani umboni kuti ndinu "an enthusiastic teacher", amakhulupirika, poti anakuonani m'kalasi. Mukadzilembera nokha, muyenera kuikapo umboni nthawi yomweyo, apo ayi likhala liwu lodzadzira pepala. Mperekezi wake ndi "about". Ndipo onetsetsani kalembedwe kake, chifukwa zilembo 12 zimapereka mpata wambiri wolakwitsa.

Willing ndi wosiyana ndi onsewa, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti ndi wozizira. Sanena kuti mukufuna, amangonena kuti simukana. "I am willing to work for your organisation" imamveka ngati mukuwachitira chifundo powalola kuti akulembeni. Koma ali ndi ntchito yake yomwe keen sangaigwire bwino: kuvomera chinthu chovuta chimene ena amachithawa. Ngati ntchitoyo ingakutumizeni ku Nthalire, ku Usisya kapena pa chilumba cha Likoma, kapena ikufuna kugwira usiku ndi Loweruka lomwe, "I am willing to work in remote areas" ndicho chiganizo chimene wolemba ntchito akuchifunafuna. Mukati muli keen kukagwira usiku, akhoza kudabwa kuti mukufunako chiyani usikuwo.

Interested ndi wofatsa kuposa onse, woyenera potsegulira kalata, malinga musalembe "I am interesting in", chifukwa pamenepo mwadzitama kuti ndinu munthu wochititsa chidwi. Excited ndi wa pa WhatsApp ndi maimelo a anthu odziwana, ngakhale kuti a ku America amamulowetsa paliponse. Avid amakhala patsogolo pa mayina ochepa okha, makamaka "avid reader", ndipo mukalemba zimenezo konzekerani kufunsidwa buku lomwe mwawerenga posachedwa. Desperate ndiye ayi. Gwero lake ndi kutaya chiyembekezo. N'zoona kuti ntchito zikusowa ndipo ambiri asowadi mtengo wogwira, koma kalata yofunsira ntchito si malo onenera zimenezo.

M'chimangirizo ndi pakamwa

Kwa ophunzira amene akukonzekera MSCE, kumene Chingerezi ndi phunziro loti ukalephera satifiketi palibe, muyeso umatembenuka. M'chimangirizo chofotokoza nkhani, eager ndi anxious ndiwo amagwira ntchito kwambiri, chifukwa nkhani imayenda ndi anthu odikira, oopa ndi osaleza mtima. Mtsikana wodikira basi ya ku Karonga kuti akaone agogo ake akhale eager. Bambo wodikira panja pa chipinda cha amayi oyembekezera akhale anxious. Keen musungireni pofotokoza khalidwe la munthu, kapena mpikisano. Aonjezi awo nawonso anagawana ntchito: masewero amene matimu analimbana koopsa ndi "keenly contested", pamene masewero amene anthu akhala akuwadikira mwezi wonse ndi "eagerly awaited".  Poyerekeza, timati keener ndi keenest, koma eager amafuna "more" ndi "most" patsogolo.

Pa intavyu nkhani ndi ya lilime. Keen amafuna kukoka "i" uja, chifukwa mukamudula mwanena kin, wachibale, uja mumalemba pa fomu pamene afunsa "next of kin". Musaikenso "i" wina kumapeto monga timachitira ndi mawu obwereka. Eager ali ndi vuto lina kwa ife. M'Chichewa "l" ndi "r" sasiyanitsa tanthauzo la liwu, choncho n'kosavuta kuti eager atuluke ngati eagle, chiwombankhanga. M'katchulidwe ka ku Britain "r" wa kumapetoyo samveka n'komwe, ndiye ingomusiyani, munene ngati "iiga". Polemba eagerly, kumbukirani kuti "r" ndiye amayamba, "l" n'kutsatira.

Mukakayika pa liwu lina lililonse la mtundu umenewu, musadalire mtanthauziramawu wa m'thumba wongopereka liwu limodzi lofanana nalo, chifukwa ndi amene amaphunzitsa anthu kuti keen, eager ndi anxious ndi chinthu chimodzi. Funani uja wolembedwera ophunzira Chingerezi, amene amaonetsa mperekezi wotsatira ndi ziganizo za chitsanzo. Ku laibulale ya National Library Service m'tauni muno mungafunseko, ndipo a Oxford, Cambridge ndi Longman ali nawo pa intaneti aulere, ongofuna kabandulo kochepa. Werengani zitsanzozo kuposa tanthauzo.

Liwu lililonse limene mwasankha, lilowe kamodzi kokha m'kalata yonse, ndipo likhale ndi chifukwa pambali pake. Yerekezani ziganizo ziwiri izi za munthu wofunsira ntchito ya ulangizi wa khofi. Choyamba: "I am very keen, eager and enthusiastic to work with your reputable organisation." Chachiwiri: "I grew up on a coffee farm in Misuku and I am keen to work with smallholder growers." Choyambacho angalembe aliyense, ndipo n'chifukwa chake wowerenga amachidumpha. Chachiwiricho chili ndi mfotokozi mmodzi yekha, koma Misuku uja wamunyamula.

Kumapeto kwa kalata ndi kumene eager amabwereranso mozemba, m'chiganizo chija tinatengera kwa akuluakulu athu: "I am eagerly waiting for your favourable response." Si cholakwika pa galamala, koma chimamveka chakale, ndipo "favourable" uja akuuziratu wowerenga yankho loti apereke. Chokwanira ndi "I look forward to hearing from you." Onetsetsani kuti mwalemba hearing, osati hear, chifukwa "to" wa pamenepa ndi mperekezi, si uja wa "keen to" amene amatsatidwa ndi mneni wosasintha.